Chimene chimalimbitsa mpando sichioneka tsiku logula

Mipando iwiri ikhoza kuima pamodzi m'mbali mwa msewu ku Chinamwali kapena ku Matawale mumzinda wa Zomba, yonse yonyezimira vanishi, yonse yofiirira ngati mbawa, ndalama zake n'kusiyana pang'ono chabe. Umodzi udzakhalidwa ndi ana mpaka zidzukulu. Unzakewo udzayamba kugwedera dzinja lachiwiri lisanathe, mwendo wakumbuyo n'kumalekana ndi mtanda wake, mwininyumba n'kukhomerapo msomali, msomaliwo n'kung'ambanso mwendo. Wogula amati mmisiri anamubera, mmisiri amati ana amadumpha pampando. Koma kawirikawiri gwero lake limakhala pa zinthu ziwiri zimene vanishi amabisa: madzi amene anali m'thabwa tsiku limene ankalidula, ndi mmene zidutswazo zinagwiranirana m'kati.

Kusema ndi luso lakalekale kuno. Mtondo, munsi, chipande, ng'oma, bwato la pa Chilwa, zonsezi zimatuluka m'chipika chimodzi, ndipo chinthu chosemedwa m'chipika chimodzi chilibe polumikizira poti n'kumasuka. Luso lolumikiza matabwa ocheka linafala ndi mamishoni. Mishoni ya Blantyre, yomwe inayamba mu 1876, inkaphunzitsa anyamata ukalipentala pambali pa kuwerenga ndi kulemba, ndipo nthambi yake inafika ku Domasi mu 1884. Zomba atakhala likulu la boma, kuyambira mu 1891 mpaka mu 1975, maofesi ndi nyumba za boma zinkafuna zitseko, mafelemu, matebulo ndi makabati, ndiye ntchitoyi inazika mizu. Lero ena amaiphunzira m'sukulu monga Nasawa Technical College, pansi pa ndondomeko za TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Ambiri amaiphunzira pashedi ya amalume kapena ya achimwene, kuyamba ndi kukwecha sandipepa ndi kusesa utuchi. Njira zonsezi zimatulutsa amisiri abwino ndi oipa omwe.

Madzi a m'thabwa

Mtengo wongogwetsedwa kumene umakhala wodzaza madzi. Mu paini wamuwisi, madzi okhawo amatha kulemera mofanana ndi thabwa lenilenilo, mwinanso kuposa. Madziwa ali pawiri. Ena amangokhala m'timibowo ta mitsempha ya mtengo, ndipo ndi amene amayamba kutuluka. Thabwa limapepuka, kunja limaoneka louma, koma kukula kwake sikusintha. Chinyezi chikatsika kufika pafupifupi 30 peresenti, m'pamene madzi achiwiri, omwe ali m'kati mwa mitsempha yeniyeniyo, amayamba kuchoka, ndipo m'pamenenso thabwa limayamba kufota. Katundu wa m'nyumba amafuna thabwa louma kufika cha m'ma 12 peresenti. Apa m'pamene ambiri amapusitsidwa: thabwa limene lili pa 25 peresenti ukaligwira limamveka louma ndithu, chonsecho kufota kwake kwangoyamba kumene. Lidzakatsirizira kufotako m'chipinda mwanu, litakhala kale tebulo.

Thabwa silifota mofanana mbali zonse. M'litali silisintha kwenikweni, koma m'lifupi ndi m'kuchindikala limafota mooneka. Mukayang'ana kunsonga kodulidwa mudzaona mizere yozungulira imene mtengo unkakula nayo. Motsata mizereyo thabwa limafota pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi mopingasa mizereyo. N'chifukwa chake thabwa lalikulu lochekedwa cham'mbali mwa chipika limapindika m'mphepete, kuthawa mbali imene kunali mtima wa mtengo, pomwe lochekedwa moti mizere yake yaima chilili limakhala phee. Thabwa limene lili ndi kachinthu kapakatikati penipeni pa mtengo limang'aluka basi, kaya muliumitse bwanji. Mmisiri wodziwa amalicheka pakati n'kuchotsa kapakatiko, n'kupeza timatabwa tiwiri tabwino koposa.

Ngakhale litauma bwino, thabwa silisiya kumwa ndi kulavula chinyezi cha mumpweya, ndipo Zomba ndi malo amene amayesa zimenezi kwambiri. Phiri limakoka mvula. Kuyambira Disembala mpaka Malichi m'nyumba zambiri nsapato zimachita nkhungu. Mu Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, kenako Seputembala ndi Okutobala kumauma gwa. Dilowa imene imakana kutseguka mu Febuluwale ndi yomweyo imene imakhwepa mu Okutobala. Pamwamba pa tebulo la paini lotambalala masentimita 90 pakhoza kusintha pafupifupi sentimita yathunthu pakati pa nyengo ziwirizi. Palibe guluu kapena msomali umene ungaletse zimenezi. Mukalimanga zolimba kuti lisayende, thabwa limang'ambika lokha kapena limakankha chimene chaligwira mpaka kuchithyola. Luso lonse lolumikiza matabwa lagona pamenepa: kugwira thabwa mwamphamvu, koma kulisiyira njira yofufumira ndi kufota.

Kuumitsa bwino sikufuna makina, kumafuna malo ndi nthawi. Matabwa amasanjidwa chogona pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa mitanda kuti asakhudze dothi. Pakati pa thabwa ndi linzake pamaikidwa timitengo touma tofanana kukula, tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo pamwamba pa zonse pamakhala cholemera. Kunsonga amapakako penti, chifukwa madzi amathamangira kutulukira kumeneko n'kusiya ming'alu. Kuimika matabwa chopingasa padzuwa, monga timaonera m'misika, kumaumitsa khungu lokha mofulumira m'kati mukadali madzi, ndipo mapeto ake ndi ming'alu ndi kupotoka. Paini wa inchi imodzi amauma m'miyezi yochepa nyengo ikakhala youma. Mitengo yolimba, makamaka yochindikala ngati ya miyendo ya tebulo, imafuna miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Amene alibe kachipangizo koyezera chinyezi angathe kudula kachidutswa n'kumakayeza pasikelo sabata ndi sabata. Kakasiya kupepuka, thabwa lafika.

Amisiri ambiri amazidziwa zonsezi. Chimene alibe ndi mpamba. Kusunga matabwa chaka chathunthu ndiko kugoneka ndalama zimene zikanagula ufa ndi kulipira lendi ya shedi. Ndiye zimene zimachitika n'zakuti kasitomala akapereka dipoziti Lolemba, mmisiri amakagula matabwa Lachiwiri, mwina omwe atsika kumene paphiri ali pamutu kapena panjinga, ndipo Loweruka kasitomala wafika kale: "Achimwene, bedi yanga ija bwanji?" Kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kunakweza guluu, vanishi, mahinjesi ndi sandipepa, zomwe zambiri zimachokera kunja, ndipo kunafinyiratu kampata kochepa kamene kanalipo. Ine ndimaona kuti theka la milandu imene timaimba amisiri ndi yathu ogulafe, chifukwa timafuna katundu wa zaka 30 pa nthawi ya masiku 5. Njira imodzi imene imathandiza mbali zonse ndi yakuti wogula agule yekha matabwa m'chilimwe, ali ndi mmisiri wake pomusankhira, awasanje pakhonde kwawo, oda n'kudzaperekedwa atauma.

Mlombwa ukusowa, paini ndi bulugamu alipo

Mlombwa sunatchuke chabe. Mwa mitengo yonse ya kuno, uli m'gulu la imene imafota pang'ono zedi, moti umakhululukira mmisiri zolakwa zimene mtengo wina sungakhululuke. Umapalika bwino, umagwira guluu, ndipo mtima wake wofiirira chiswe chimaulambalala. Mbali yoyera yakunja ija ndiye ayi: imafumbwa, ndipo mukaona kaufa kosalala pansi pa kabati dziwani kuti mmisiri anasiyamo yoyerayo n'kuipaka utoto. Vuto la mlombwa ndi kakulidwe kake. Kamtengo kake kamatha zaka zingapo kakuphuka m'dzinja n'kufa kumtunda m'chilimwe, kakukulitsa muzu pansi, kasanayambe n'komwe kutalika, ndipo kuti ufike pochekedwa matabwa pamapita zaka makumi ambiri. Umene tikudula lero unamera agogo athu ali ana. N'chifukwa chake matabwa ake akunka nachepa m'lifupi, ndipo ambiri akuchokera kutali, ena kutsidya kwa malire ku Mozambique.

Mbawa ndi wofiira mokongola ndipo umapereka matabwa aakulu, ngakhale mitsempha yake yopingasana imazuka popala ngati mpeni wa chopalira suli wakuthwa. Msambamfumu ndi wolemera, wolimba, woyenera zitseko ndi mafelemu. Za mkungudza tingonena mwachidule, chifukwa n'zomvetsa chisoni: Dr Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha pa phiri la Mulanje, kwawo kwenikweni. Wina unadzalidwa pa phiri la Zomba, ndipo umenewo ndi wofunika ngati mbewu kuposa ngati kabati. Lamulo la nkhalango la mu 1997 limafuna chilolezo podula mitengo m'nkhalango zotetezedwa ngati ya Zomba ndi Malosa. Pa malonda a pakati pa mayiko, pangano la CITES, loteteza zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha, linaika mukula pa mndandanda wa mitengo yofuna chilolezo mu 2019 ku Geneva, Malawi ndiye atapempha, ndipo mu 2022 ku Panama linaonjezerapo mitundu ya mlombwa, mbawa ndi msambamfumu ya mu Africa. Wogula ali ndi ufulu wonse wofunsa kumene thabwa lachokera, ndipo mmisiri woongoka sakwiya nalo funsoli.

Tsono mitengo imene ilipo yambiri ndi yobwera. Paini wa paphiri pano, yemwe kwawo ndi ku Mexico, ndi yemweyonso wodzaza ku Chikangawa, kumene boma linadzala mahekitala oposa 50,000 poyembekezera fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Ndi wopepuka, wofewa, wosavuta kucheka, koma ali ndi mfundo zambiri, amafota kwambiri kuposa mlombwa, ndipo chiswe chimamukonda. Mfundo yaikulu ikagwera pa mwendo wa mpando kapena polumikizira, pamenepo m'pothyokera. Bulugamu, wa ku Australia, ndi wolimba kuposa mmene anthu amamuganizira, koma mtengo wake umakula uli wokokana m'kati, moti ukangochekedwa umapotoka ndi kung'aluka; amafuna mtengo wokhwima, kuchekedwa moti mizere iime chilili, ndi kuumitsidwa pang'onopang'ono pamthunzi. Akachitiridwa zimenezi amatulutsa miyendo ya mipando yosagonja. Malaina amachedwa kuuma modabwitsa, koma akauma amakhala phee, ndipo ndi wabwino pa zitseko za kabati ndi madilowa. Chimene ndikufuna chimveke ndi ichi: pamene mlombwa unali wambiri, mmisiri wapakatikati ankapulumukira pa ubwino wa mtengo. Ndi paini ndi bulugamu palibe pobisala, luso lolumikiza ndi limene latsala kuti linyamule katundu yense.

Polumikizira

Msomali suli woipa pawokha. Pa denga, pa bokosi, pa thabwa lakumbuyo kwa kabati, umagwira ntchito yake. Koma ukakhomedwa kulowa kunsonga kodulidwa, motsata mitsempha, umangolowa pakati pa mitsemphayo popanda choukola, ndipo mpando ukamagwedezeka bowo lake limakula tsiku ndi tsiku. Guluu nayenso ali ndi malire ake. Mbali ziwiri zopalidwa bwino zikamatidwa m'litali ndi guluu woyera uja n'kupanidwa zolimba, polumikizirapo pamalimba kuposa thabwa lenilenilo. Mukalithyola limathyokera pambali. Koma kunsonga kodulidwa kumamwa guluu n'kusiya pouma. Ndiye kungogunditsa nsonga ya mtanda pa mwendo, kupaka guluu ndi kukhoma misomali iwiri, ndiko kulumikiza kofooka kuposa konse, ndipo n'kumene kwadzaza m'mipando yotchipa chifukwa kumatenga mphindi zochepa.

Kulumikiza kumene kwanyamula ntchitoyi kwa zaka zikwizikwi ndi mortise ndi tenon: pa mwendo amagoba bowo la ngodya zinayi (mortise), kunsonga kwa mtanda amasema kalilime kolowa m'bowomo (tenon). Mipando ndi mabokosi opezeka m'manda a mfumu Tutankhamun ku Egypt mu 1922 analumikizidwa motere, ndipo anapezeka akadali ogwirana patapita zaka zoposa 3,000. Mphamvu yake imachokera patatu. M'mbali mwa tenon ndi m'mbali mwa bowo mumakumana mitsempha yam'litali, kumene guluu amagwira bwino. Tenon yokhayo imanyamula kulemera, moti guluu sakhala yekha pa ntchito. Ndipo mapewa, pamene mtanda wadulidwa kuti tenon iyambe, amatsamira pa mwendo n'kuletsa chimango kupendekeka. Kuchindikala kwa tenon kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwa mtanda. Ikachepa imathyoka, ikakula makoma a bowo amapyapyala. Iyenera kulowa ndi kukankha kwa dzanja kapena kugogoda pang'ono. Yolowa mochita kumenya ndi nyundo imang'amba mwendo, yolowa khwekhwerere siigwira, chifukwa guluu woyera sadzaza mpata, amangofuna matabwa okhudzana. Mmisiri amene amathira utuchi wosakaniza ndi guluu m'bowo lokula akubisa vuto limene lidzabwerera.

Alimi amadziwa kuti khasu limaguluka pa mpini m'chilimwe, ndipo ukaviika mutu wa mpiniwo m'madzi limagwiranso. Zomwezo zimachitika m'mpando. Tenon yosemedwa pa thabwa lauwisi imalowa bwinobwino tsiku loyamba, kenako imafota m'kati mwa bowo, guluu n'kusweka, mpando n'kuyamba gwedegwede. Amisiri a mipando akale ankatembenuza chinthu chomwechi kuti chiwathandize: ankaumitsitsa mitanda, mwendo n'kuusiya ndi kachinyezi pang'ono, kuti mwendo ukamauma ufinye tenon. Palinso njira zomangira popanda kudalira guluu. Tenon ikhoza kubooleza mpaka kuseri kwa mwendo, n'kuikhomera timatabwa tosongoka totambasula nsonga yake kuti isabwerere. Timatabwato tiyenera kukhomedwa mopingasa mitsempha ya mwendo, apo ayi mwendo ung'ambika. Kapena amaboola kabowo kodutsa mwendo ndi tenon n'kukhomamo chikhomo chamtengo, kabowo ka pa tenon atakasunthira dala milimita imodzi kapena ziwiri chakumapewa, kuti chikhomo polowa chikoke mtanda n'kuuphatika pa mwendo. Pa mpando, malo ofunika chisamaliro chonsechi ndi pamene mtanda wam'mbali umakumana ndi mwendo wakumbuyo. Munthu akatsamira, makamaka akanyamula miyendo yakutsogolo, mphamvu yonse imathera pamenepo. Tembenuzani mpando uliwonse wothyoka, mwa mipando yambiri mudzapeza kuti unayambira pomwepo. Timatabwa ta m'ngodya pansi pokhalira timathandiza, koma sitilowa m'malo mwa tenon.

Zikhomo zozungulira zolowa m'mabowo obooledwa ndi drill n'zachangu, ndipo pa shelefu kapena kabati yongoima n'zokwanira. Pa mpando zimamasuka msanga. Pa dilowa, imene ntchito yake ndi kukokedwa kangapo patsiku, mfumu yake ndi dovetail, mano otambalala kunsonga amene amalowerana moti kukoka kumangowamangitsa. Kudula manowa ndi sowo ndi tchizulo kumadya nthawi, n'chifukwa chake akusowa. Kokani dilowa ya kabati yakale ya m'maofesi a boma muyang'ane m'mbali mwake, mukawaona manowo mudziwa chifukwa chake ikadali moyo.

Chitseko ndi pamene nzeru yosiyira thabwa njira imaonekera bwino. Chitseko cha thabwa limodzi lalikulu chikanamakana kutseka dzinja lililonse. Ndiye amapanga chimango cha timatabwa tating'ono m'lifupi tolumikizidwa ndi mortise ndi tenon, chomwe sichisintha kwenikweni, m'kati mwake n'kugoba kangalande, thabwa lapakati n'kulowetsedwa m'kangalandemo lopanda guluu ndi lopanda msomali, ndi kampata kobisika m'mbali. Limafufuma ndi kufota momasuka m'menemo. Chitseko chimene thabwa lake lapakati lang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, pafupifupi nthawi zonse wina analimata kapena kulikhoma pofuna kulimbitsa. Pamwamba pa tebulo n'chimodzimodzi. Sipakhomedwa misomali kuchokera pamwamba kulowa m'mitanda. Pamagwiridwa chapansi ndi timatabwa tokola m'kangalande ka mtanda, kapena ndi ma screw odutsa m'mabowo otalikitsidwa, kuti pathe kuyenda. Ndipo m'malo mwa matabwa awiri aakulu, ndi bwino kulumikiza angapo ocheperapo, mizere yawo ikusinthana kwina kuyang'ana kumwamba kwina pansi, kuti kupindika kwa lina kubwezedwe ndi linzake.

Chithunzi cha pafoni ndi thupi la munthu

Masiku ano oda zambiri zimayamba ndi chithunzi chochokera pa Facebook kapena WhatsApp: "Ndipangireni ngati chimenechi." Palibe cholakwika, ndipo zatsegula maso a amisiri ambiri. Koma chithunzi sichinena kuti miyendo yowonda ija ndi ya mtengo wolimba wakunja, kapena kuti m'kati mwa shelefu yaitali ija muli chitsulo, kapena kuti chooneka ngati thabwa limodzi lalikulu ndi bolodi yokutidwa. Kukopera maonekedwe omwewo pa paini ndiko kupanga chinthu chokongola mwezi umodzi. Shelefu ya paini ya mabuku ikatalika kupitirira masentimita 80 kapena 90 popanda chochirikiza pakati imagwa msana. Mmisiri amene amayankha kuti, "Mayi, izi pa paini sizitheka, tikulitse miyendo kapena tisinthe mtengo," ndi amene ndingamusankhe, kusiyana ndi wovomera chilichonse.

Ubwino weniweni wopangitsa katundu m'malo mogula wopangidwa kale ndi woti amayezedwa pa inu. Tebulo lodyera limakhala pafupifupi masentimita 75 kuchokera pansi, pokhalira pa mpando 45, kuti pakati patsale malo a ntchafu. Mtanda wa tebulo ukakula kwambiri umadya malowo. Koma manambalawa ndi poyambira chabe. Agogo amene mawondo akuwavuta amafuna mpando wokwererapo pang'ono, wosazama, wokhala ndi pogwira podzuka, osati masofa akuya aja amene munthu amachita kukokedwa kuti aimirire. Chotsamira chowongoka chilili chimatopetsa msana, chimafuna kupendekera m'mbuyo pang'ono. Bedi imayamba ndi kuyeza matiresi enieniwo, ndipo m'tauni ya anthu ambiri a lendi ndi ophunzira a pa yunivesite ngati ino, bedi yomanga ndi mabawuti, yotheka kuphwasula posamuka, imaposa yomata. Poti udzudzu wa ku Chilwa ndi Likangala sutha, pomangirira neti pakhoza kuganiziridwa pomwepo. Ndipo wadiropu iyezedwe ndi khomo la chipinda chimene ikalowe, lisanadulidwe thabwa ndi limodzi lomwe.

Mabolodi si onse ofanana, ndipo si bwino kuwanyoza onse. Plywood ndi blockboard, zomwe zimapangidwanso m'dziko muno, zimapangidwa ndi timatabwa topingasana moti siziyenda ndi nyengo, ndipo kumbuyo kwa kabati, pansi pa dilowa ndi m'mbali mwa wadiropu zimaposa thabwa wamba. Zimapulumutsanso mitengo yolimba, yomwe ingasungidwire miyendo ndi chimango. Chipboard ndi MDF, zomwe zadzaza m'katundu wa m'mashopu, ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu. Zikamwa madzi zimafufuma osabwereranso, ndipo screw ikazuka siigwiranso pomwepo. M'nyumba ya simenti yokolopedwa m'mawa uliwonse zimayamba kuwola chapansi. Madzi atalowa m'nyumba pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, kusiyanaku kunaonekera poyera: thabwa lenileni limauma n'kukonzedwa, utuchi womata umangophwanyika.

Vanishi amachedwetsa chinyezi kulowa ndi kutuluka, sachitsekereza. N'chifukwa chake ayenera kupakidwa mbali zonse, pansi pa tebulo ndi m'kati mwa chitseko momwe. Mbali imodzi yokha ikapakidwa, inayo imamwa chinyezi mofulumira ndipo thabwa limapindika. Kunsi kwa miyendo, kumene kumakhudza simenti yonyowa, n'kofunika kwambiri, koma n'kumene kumaiwalika. Utoto wofiiritsa paini si chinyengo ngati wogula wauzidwa. Chinyengo ndi kumugulitsa ngati mbawa, ndipo kuzindikira kwake n'kosavuta: paini ndi wopepuka, chikhadabo chimalowa, mfundo zake zimaonekera ngakhale pansi pa utoto, ndipo kunsi kosapakidwa kumakhala koyera.

Nthawi yabwino yokaona katundu wanu ndi asanamumate ndi asanamupake. Mmisiri wabwino amayamba walumikiza zonse popanda guluu kuti aone ngati zikukhala, ndipo tsiku limenelo ndi lofunika kupitako. Onani ma tenon ndi maso anu, onani ngati mapewa akhudza mwendo popanda mpata, yezani chimango kuchokera ngodya ina kufika ngodya yoyang'anana nayo mbali zonse ziwiri, miyezoyo ifanane. Zimene mwagwirizana zilembedwe ngakhale m'kope wamba: mtundu wa mtengo, miyezo, kalumikizidwe, ndalama, ndi tsiku lotheka osati longosangalatsa. Kumbukiraninso kuti pashedi zambiri oda ya bokosi la maliro ikabwera zina zonse zimaima, ndipo palibe wa kuno amene angadandaule nazo; tsiku lanu likhale ndi mpata wa zoterezi.

Mpando wolumikizidwa bwino nawonso umatha kumasuka patapita zaka, koma kusiyana kwake n'koti umakonzeka. Ukayamba kugwedera usakhomedwe msomali, ndipo usapitirize kukhalidwa, chifukwa kugwederako kumadya tenon ndi kukulitsa bowo. Mmisiri amaugogoda n'kuumasula, amapala guluu wakale yense mpaka thabwa lioneke, poti guluu watsopano sagwira pa wakale. Ngati tenon yachepa amaimatira kathabwa kopyapyala m'mbali n'kuisemanso kuti ilowe mokwana, kenako amamata, kupana, n'kuusiya tsiku lathunthu usanakhalidwe. Zitseko ndi mafelemu a mlombwa ochotsedwa m'nyumba zakale zikamakonzedwa asawazidwe nkhuni: matabwa ake anauma zaka zambiri zapitazo, ndi otambalala kuposa amene akupezeka pamsika lero, ndipo akachotsedwa misomali ndi kupalidwa amatulutsa tebulo labwino kuposa la matabwa atsopano.